Kodi mlendo wanga atanena kuti "rènao" ankadandaula phokoso kapena ankayamikira?

Nachisale wa ku Kawale analemba kuti:

Akuluakulu ndi anzanga amene mukuphunzira Chitchaina, ndabwera ndi funso limene landisowetsa mtendere kuyambira Loweruka lapitali. Ndimagwira ntchito yowerengera katundu m'sitolo ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba kufupi ndi msewu wa Malangalanga, ndipo eni ake ndi banja lochokera ku China. Kwa miyezi isanu ndi itatu tsopano ndakhala ndikuphunzira chilankhulo chawo madzulo ndikaweruka, nthawi zina pa foni, nthawi zina pofunsa mayi a m'sitolomo ogula akachepa.

Loweruka kunali chinkhoswe cha mng'ono wanga kwathu ku Kawale, ndipo ndinaitana mayiwo, amene anabweradi pamodzi ndi mwana wawo wamkazi. Inu mukudziwa mmene chinkhoswe chimakhalira perekaniperekani akayamba: nyimbo zili pamwamba, azakhali akuimba nthungululu, ana a m'makomo oyandikana nafe adzaza pampanda, ndipo wotsogolera mwambo akufuula kuitana akuchimuna kuti abwere kutsogolo ndi ndalama zawo. Ndili mkati mothamanga ndi mbale, ndinapatuka kukafunsa alendo angawo ngati zonse zili bwino, ndipo mayiwo anandikokera pafupi n'kundiuza m'khutu kuti, "Hěn rènao!" Liwu loyambalo ndimalidziwa, koma lachiwirilo linali lachilendo. Ndinazemba kupita kuseri kwa nyumba n'kulifufuza pa foni monga mmene ndinalimvera, ndipo mwa matanthauzo amene anatuluka, maso anga anagwera pa lonena za phokoso ndi piringupiringu wa anthu. Mtima unangoti phwii, poganiza kuti ndawaitanira abwana anga kumalo kowapweteka mutu. Ndinakapempha mnyamata woika nyimbo kuti atsitse, ndipo anatsitsadi mpaka ankhoswe a kuchimuna anayamba kufunsa ngati magetsi akuvuta. Chimene chinandisokoneza n'chakuti nyimbo zitatsika, mayi aja anandiyang'ana modabwa ngati munthu amene walandidwa mbale asanakhute.

Lolemba ndinachita manyazi kuwafunsa. Tsono ndikufunsa inu: kodi rènao ndi dandaulo kapena ndi chiyamikiro? Ndipo ngati si dandaulo, ndi liwu liti limene ndingagwiritse ntchito ndikafuna kunena za phokoso lenileni, monga la malo omwera mowa amene ali kuseri kwa nyumba yathu ndipo satigonetsa Lachisanu lililonse? Ndinamvapo liwu lakuti chǎo, komanso lina lakuti xuānhuá, koma foni imangowapatsa onse tanthauzo limodzi.

Bambo a Tadala, Area 47, anayankha kuti:

Achemwali, mtima ukhale m'malo, chifukwa mayiwo anakuyamikirani, ndipo anagwiritsa ntchito limodzi mwa mawu okoma kwambiri amene munthu wa ku China angalankhule pa mwambo wa mnzake. Ine ndinakhala zaka zinayi mumzinda wa Wuhan ku China ndikuphunzira za zomangamanga, ndipo liwu limeneli ndinkalimva pafupifupi sabata iliyonse.

Rènao limalembedwa 热闹. Chilembo choyamba, 热, chimawerengedwa rè ndipo chimatanthauza kutentha, monga kutentha kwa dzuwa kapena kwa madzi. Chachiwiri, 闹, chikakhala pachokha chimawerengedwa nào ndipo chimanena za phokoso ndi kusakhazikika. Mawu awiriwa akaphatikizana amanena za malo amene muli anthu ambiri, mawu ambiri ndi moyo wambiri, ndipo wolankhulayo akusangalala kuti ali pomwepo. Ukwati wabwino uyenera kukhala rènao, msika wabwino uyenera kukhala rènao, ndipo nyumba imene ana ndi zidzukulu abwera kudzacheza pa Chaka Chatsopano cha kwawo, chimene chimagwa pakati pa 21 Januwale ndi 20 Febuluwale, nayonso imatchedwa rènao. Liwu lotsutsana nalo ndi lěngqīng, 冷清, limene chilembo chake choyamba chimatanthauza kuzizira, ndipo mwini phwando akamva kuti mwambo wake unali lěngqīng amakhumudwa kwambiri. Choncho pamene munatsitsa nyimbo zija, munachepetsa chinthu chenichenicho chimene mlendo wanu ankayamikira.

Chilembo chachiwiricho chiyang'anitsitseni, chifukwa chimaphunzitsa chokha. Kunja kwake kuli 门, kutanthauza khomo kapena chipata, ndipo mkati muli 市, kutanthauza msika. Ine ndikachiona ndimakumbukira polowera mumsika waukulu wa Lilongwe m'mawa wa Loweruka, pamene onyamula katundu, ogulitsa kabichi ndi oitanira minibasi onse akulimbirana kampata kamodzi. Komabe ndinene zoona kuti khomolo linakhazikika m'kalembedwe kovomerezeka pamene boma la China linafewetsa zilembo m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Kalembedwe kakale, kamene kakugwirabe ntchito ku Taiwan ndi ku Hong Kong, ndi 鬧, ndipo chimene chazungulira msikawo si khomo koma chilembo chosonyeza anthu awiri akulimbana. Ndiye kuti kalekale chithunzi chake chinali ndewu pamsika.

Za malo omwera mowawo, liwu lake ndi chǎo, lolembedwa 吵. Kumanzere kwake kuli kabokosi 口, komwe ndi pakamwa, ndipo kumanja kuli 少, kowerengedwa shǎo, kamene ntchito yake pamenepo ndi kungokukumbutsani katchulidwe. Chǎo ndi phokoso losowetsa mtendere. Munganene kuti "Tài chǎo le", kutanthauza kuti phokoso lanyanya, ndipo ngati lakudzutsani pakati pa usiku pali liwu lakuti chǎoxǐng, kudzutsidwa ndi phokoso. Anthu awiri akamakangana ndi mawu amati chǎojià. Zikanakhala kuti mayi aja ananena chǎo pa chinkhoswe, pamenepo mukanayenera kudandaula.

Xuānhuá, 喧哗, ndi liwu la m'mabuku ndi la pa zikwangwani. Mudzaliona m'chipatala, m'nyumba yowerengeramo mabuku kapena m'bwalo la milandu, pa chenjezo lakuti 请勿大声喧哗, limene likupempha anthu kuti asalankhule mofuula. Mukaligwiritsa ntchito pouza ana kuti asiye kusokosa pakhonde, mudzamveka ngati mukuwerenga chikalata cha boma. Pa mndandanda wa mawu a mayeso a HSK, oyesa luso la Chitchaina, umene ine ndinalembera, wa magawo asanu ndi limodzi, rènao linali m'gawo lachinayi pamene xuānhuá linali m'gawo lachisanu ndi chimodzi, ndipo zimenezi zikukuuzani kale liwu loyenera kuyamba nalo.

Gogo Mphunzitsi, Area 25, anayankha kuti:

Ine Chitchaina sindichidziwa, ana anga, koma ndinaphunzitsa Chichewa kusekondale kufikira pamene ndinapuma, ndipo ndawerenga yankho la bambo a Tadala kawiri chifukwa landikhudza. Ndikuona kuti vuto la mwana wathu Nachisale silinayambire m'Chitchaina ayi. Linayambira pa kudutsa m'chilankhulo chachitatu. Foni inatenga liwu la mayi aja n'kulipereka m'Chingerezi, iye n'kulitembenuzanso mumtima mwake kukhala "phokoso", ndipo pofika pamenepo kukoma konse kunali kutatayikira m'njira, monga madzi otungira m'dengu.

Ife liwu lakuti phokoso timalitchula kawirikawiri tikamadandaula, koma sizikutanthauza kuti Chichewa chilibe njira yonenera za khamu losangalala. Timati kumsika kuli piringupiringu, timati kuukwati kunali fumbi lokhalokha, timati mudzi wonse unakhamukira kumeneko, ndipo achinyamata a masiku ano, amene ndimawadzudzula pa zambiri, pa ichi chokha ndiwavomereze, amati "kunatentha". Taonani tsono, bambo a Tadala akuti chilembo choyamba cha liwulo chimatanthauza kutentha. Ndipo mwambo ukakhala wopanda anthu timati unazizira, kapena kuti kunali zii, mofanana ndi liwu lawo lija loyamba ndi kuzizira. Anthu awiri otalikirana chonchi, wina ku Kasungu wina ku Wuhan, onse anaona kuti khamu la anthu lili ngati moto.

Komabe sindikuvomereza kuti piringupiringu ndi rènao ndi chinthu chimodzi, ngati ndamvetsa bwino. Piringupiringu amanena za kuyendayenda kwa anthu, ndipo akhoza kukhalapo ngakhale pamene palibe wosangalala, monga kudepoti madzulo mvula ikamabwera, aliyense akulimbirana minibasi ya ku Area 25. Pamenepo palibe chokoma. Liwu lawolo likuoneka kuti lili ndi chisangalalo mkati mwake momwemo, chimene ife timachionjezera ndi mawu ena kapena ndi kamvekedwe ka mawu polankhula.

Malangizo anga kwa iwe mwana wanga ndi akuti m'kope lako usamalembe liwu limodzi la Chichewa pambali pa liwu limodzi la Chitchaina. Uzilemba malo ndi nthawi. Pambali pa rènao lemba kuti "perekaniperekani pa chinkhoswe cha mng'ono wanga", pambali pa chǎo lemba kuti "kuseri kwa nyumba yathu Lachisanu usiku", ndipo pambali pa lachitatulo lemba kuti "chikwangwani cha kuchipatala". Ndinkachita chimodzimodzi pophunzitsa ana kusiyana kwa kulira, kubuma ndi kusisima, ndipo sankaiwala.

Mayi Nabanda, wa malonda ku Area 2, anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene zanenedwa, koma bambo a Tadala akongoletsa liwuli mopitirira pang'ono, ndipo ndikuopa kuti achemwali athuwa akhoza kuyamba kuliponya paliponse. Ine ndimapita ku Guangzhou ndi ku Yiwu kukaoda katundu, ndipo Chitchaina changa ndi cha pamsika, osati cha m'kalasi, koma ndaonako mbali ina ya liwu limeneli.

Pali mawu akuti kàn rènao, 看热闹, amene amanena za munthu woima n'kumaonerera zimene sizikumukhudza. Njinga ya kabaza ikagundana ndi galimoto pa mlatho wa Lilongwe, anthu amene amaunjikana osathandiza kanthu, ena akujambula ndi mafoni, amenewo ndiwo akuchita kàn rènao. Pali enanso akuti còu rènao, 凑热闹, kulowerera pa zinthu chifukwa chongoona kuti pali gulu. Nthawi zina amanenedwa mwanthabwala, munthu akamadzichepetsa kuti wangobwera kudzawonjezera gulu, koma nthawi zina ndi chidzudzulo, monga mmene ife timanenera kuti munthu uyu ndi wongotsatira khamu. Tsiku lina ku Yiwu ndinaima kumvetsera mkangano wa ogulitsa awiri, ndipo mtsikana amene ankandimasulira anandikoka dzanja n'kundiuza kuti tisachite kàn rènao, tili ndi katundu woti tikalongedze.

Chinanso n'chakuti nào pachokha si liwu lokoma nthawi zonse. Mayi akamauza mwana wovuta kuti "Bié nào", ndiye kuti akumuletsa kuvutitsa. Munthu akatsekula m'mimba amati nào dùzi, ngati kuti m'mimbamo mwabuka chisokonezo, ndipo mawu amenewa ndinawaphunzira mosafuna pa ulendo wanga woyamba nditadya zakudya za tsabola wambiri. Wotchi yodzutsa munthu m'mawa ndi nàozhōng. Choopsa kwambiri ndi ichi: nàoshì lolembedwa 闹市 ndi dera la mumzinda lodzaza ndi malonda, koma nàoshì lolembedwa 闹事 ndi kuyambitsa chisokonezo, ndipo awiriwa amamveka chimodzimodzi ndendende m'khutu. Loyambalo ndi Malangalanga tsiku wamba, lachiwirilo ndi zimene eni masitolo ankaopa pa zionetsero za mu 2019 pamene ankatseka zitseko dzuwa lili pamutu.

Ndionjezere kuti si anthu onse a ku China amene amakonda rènao. Madzulo amayi achikulire amasonkhana m'mabwalo a mumzinda kuvina ndi zokuzira mawu, ndipo kwa iwo ndi rènao, koma kwa wokhala m'nyumba yosanja yoyandikana ndi bwalolo, amene mwana wake akukonzekera mayeso, ndi chǎo basi. Nyimbo ndi imodzi yomweyo, kusiyana kwake ndi kwakuti wina ali mkati mwa bwalo, wina ali pawindo. Ndikukhulupirira kuti oyandikana nanu ku Kawale amene sanaitanidwe ku chinkhoswe akanadziwa Chitchaina, akanasankha liwu lachiwirilo.

Bambo a Tadala, Area 47, anayankhanso kuti:

Mayi Nabanda anena zoona, ndipo nkhani ya amayi ovinawo inafika mpaka m'malamulo. Lamulo latsopano la ku China lothana ndi phokoso linayamba kugwira ntchito pa 5 Juni 2022, ndipo limakhudzanso zokuzira mawu za m'malo opezekamo anthu ambiri. Liwu la m'lamulomo ndi zàoshēng, 噪声, limene pamodzi ndi mnzake zàoyīn limanena za phokoso loyezedwa ndi makina, monga la jenereta, la chigayo kapena la mafakitale a ku Kanengo. Limenelo ndi lachinayi, ndipo mudzalifuna m'sitolo mwanu tsiku limene wogula adzafunse ngati pampu ya madzi ili yaphokoso.

Ndabwereranso makamaka chifukwa cha katchulidwe, pakuti pamenepa ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi umene ambiri sitiudziwa. Kalembedwe ka pinyin, kolemba Chitchaina ndi zilembo ngati zathuzi, kamene China inakhazikitsa mu 1958, kamasiyanitsa mawu otuluka ndi mpweya ndi opanda mpweya, monga mmene ife timasiyanitsira "pala" ndi "phala", kapena "kola" ndi "khola". Chilembo ch cha m'pinyin chimatuluka ndi mpweya, choncho chili pafupi ndi "tch" wa m'mawu akuti tchuthi kapena tchire, osati "ch" wa m'mawu akuti chimanga. Mukatchula chǎo ndi "ch" wa chimanga, womvera adzamva zhǎo, 找, kutanthauza kufunafuna. Yambani ndi "tch", lilime mulikokere kumbuyo pang'ono, ndipo liwulo lituluka bwino.

Kenako pali kukwera ndi kutsika kwa mawu. Ife timadziwa kale kuti mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimasiyana pa kamvekedwe kokha, ndiye khutu lathu si lachilendo pa zimenezi. Chāo wokwera mosasintha ndi wa m'liwu lakuti chāoshì, sitolo yaikulu yodzisankhira katundu. Cháo wokwera ngati funso akhoza kutanthauza chinyontho. Chǎo wathuyu amatsika kenako n'kukwera pang'ono. Ndipo pali chǎo wina womveka chimodzimodzi, 炒, kutanthauza kukazinga motakasa, monga mu chǎofàn, mpunga wokazinga. Kusiyana kwake kuli pa kalembedwe: waphokoso ali ndi pakamwa kumanzere, wokazinga ali ndi moto, 火.

Pa rènao, chovuta kwa ife ndi chilembo choyambacho, popeza m'Chichewa "l" ndi "r" timazisinthanitsa popanda vuto. M'Chitchaina rè ndi kutentha pamene lè ndi chimwemwe, ndipo ndi mawu awiri osiyana. Lilime lisagunde m'kamwa kumwamba monga timachitira ife, koma lipindike n'kuyandikira chabe. Mbali yachiwiri, nao, itchuleni mopepuka ndi mwachidule, chifukwa m'liwu limeneli anthu ambiri saikapo mphamvu.

Chenjezo limodzi lokha ndi lakuti musalitchule pamaliro, ngakhale anthu atachuluka chotani. Komanso mukafuna kupempha munthu kuti atsitse mawu, musayambe ndi "Bié chǎo le", chifukwa ndi mawu ouzira ana kapena anthu okangana. Nenani kuti "Qǐng xiǎo shēng yìdiǎn", kutanthauza kuti chonde tsitsaniko mawu pang'ono.

Nachisale wa ku Kawale anayankha kuti:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka agogo, chifukwa kope langa ndalikonza kale monga mwanenera. Dzulo masana, ogula atachepa, ndinalimba mtima n'kuwafotokozera mayi aja zonse zimene zinachitika, theka m'Chichewa theka m'Chitchaina changa chothyokathyoka. Anaseka mpaka anakhala pansi pa thumba la simenti, ndipo anaitana amuna awo kuchokera kosungira katundu kuti adzamve okha. Anandiuza kuti iwo ankaganiza kuti nyimbo zinatsika chifukwa wina wa akuluakulu anakwiya, ndipo ankachita mantha kuti mwina analakwitsa china poponya ndalama m'lichero. Anati chinkhoswecho chinawakumbutsa maukwati a kumudzi kwawo, kumene amaphulitsa makombola ndipo anzake a mkwati amakasereula akwatiwo mpaka usiku, mwambo umene anautchula kuti nào dòngfáng, ndipo liwu lija la nào ndinalizindikira ndekha asanandiuze.

Ndinayesanso kutchula chǎo ndi "tch" monga mwalangizira bambo a Tadala, ndipo anamva nthawi yomweyo, koma rè akundibwezabe, akuti ndikunena lè. Ukwati weniweni wa mng'ono wangayo uli mu Okutobala ndipo anena kale kuti abwera ndi banja lonse. Bambo a Tadala, ngati muli ndi njira ina yophunzitsira lilime limeneli kupindika, ndithandizeni, chifukwa ndikufuna kuti tsikulo ndidzayambe ndine kuwauza liwulo.